Mwafika M'tauni Yachilendo: Takisi Yovomerezeka Mungaizindikire Bwanji?

Okondedwa omvera athu a ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano, ku Furancungo ndi m'midzi yonse ya m'malire muno, kuyenda ulendo si chinthu chachilendo kwa inu. Ena mumapita ku Tete kukagulitsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato. Ena mumaoloka malire pa Biriwiri kapena pa Dedza kuperekeza wodwala ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Achinyamata ambiri amakwera basi yodzera ku Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka ku Joni kukasaka maganyu.

Kwathu kuno, mukakwera galimoto kapena njinga yamoto mwini wake mumamudziwa. Mumadziwa mudzi wake, mfumu yake ngakhale kumene amapemphera. Akalakwitsa, kokadandaula mumakudziwa. M'tauni yachilendo zonsezi kulibe. Munthu amene akukukodolani pa depoti simudamuonepo, ndipo mwina simudzamuonanso. Kumeneko chomwe chimalowa m'malo mwa mfumu ndi abale ndi chiphaso cha boma. Takisi ya chiphaso ndi ija imene boma likudziwa mwini wake, dalaivala wake ndi komwe imaima. Nkhani yabwino ndi yakuti takisi yotereyi mungathe kuizindikira ndi maso anu musadakwere, ngakhale chiyankhulo cha dzikolo simukuchidziwa.

Kodi nkhaniyi ikukhudzana bwanji ndi umoyo?

Ngozi za pamsewu ndi mliri ngati miliri ina yonse. Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO la chaka cha 2023 lidaonetsa kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ngozi za pamsewu ndizo zikupha anthu ambiri kuposa nthenda ina iliyonse. Ndipo ku Africa kuno ndiko vutoli lakula koposa: mwa anthu 100,000 aliwonse, pafupifupi 19 amafera pamsewu pa chaka.

Chiphaso sichiletsa ngozi, koma chimakutetezani m'njira zitatu. Choyamba, galimoto yonyamula anthu isadapatsidwe chilolezo imayenera kuyezedwa mabuleki, matayala, magetsi ndi chiwongolero. Chachiwiri, dalaivala wake amayenera kukhala ndi layisensi yapadera yonyamulira anthu, osati ya wamba. Chachitatu, dzina la mwini galimoto limakhala m'kaundula wa boma, choncho mukavulala, mukaberedwa kapena mukaiwala katundu, apolisi amakhala ndi poyambira. Galimoto ya munthu wamba imene ikungochita ganyu mozemba ilibe zonsezi. Ikachita ngozi, a inshuwaransi angathe kukana kukuthandizani ponena kuti galimotoyo sidalembetsedwe kuti izinyamula anthu olipira.

Mawu oti takisi satanthauza chinthu chimodzi

Musadanyamuke, dziwani kuti dziko lililonse limatchula zinthu mwa njira yake. Ku Mozambique kuno, minibasi yonyamula anthu ambiri timati chapa, kanjinga ka mawilo atatu timati txopela, ndipo takisi ndi galimoto yaing'ono yomwe mumaihaya nokha. Ku Malawi kuli maminibasi, matakisi ohaya, timagalimoto tomwe anthu amangoti Sienta tonyamula anthu angapo njira imodzi, ndi kabaza. Ku Zimbabwe minibasi amati kombi. Ku South Africa, munthu akati takisi amatanthauza minibasi yomwe ife timati chapa. Mukafuna galimoto yohaya nokha muyenera kunena kuti mukufuna takisi ya mita.

Kusiyanaku n'kofunika. Mlendo wosadziwa amafunsa takisi poganiza kuti alipira ndalama ya chapa, mapeto ake amapezeka m'galimoto yayekha yomwe mtengo wake ungathe kumaliza kamba yense wa paulendo.

Zinthu zisanu zoti muone musadakwere

*1. Malo amene galimoto yaima.* Matakisi ovomerezeka amakhala ndi malo awo odziwika pafupi ndi depoti, msika, chipatala chachikulu, hotela kapena bwalo la ndege. Ku Malawi malowa amati renki kapena siteji, ku Mozambique amati *praça*. Pa malo otere madalaivala amadziwana, amakhala pa mzere, ndipo kawirikawiri pamakhala wapampando kapena woyang'anira. Lamulo losavuta ndi ili: inu ndinu muyenera kupita kumene kuli takisi. Munthu amene wakuthamangirani pakhomo la basi n'kukutsomphola chikwama akunena kuti galimoto yake ili kuseri, mukanireni mwaulemu koma mwamphamvu. Funsani njira ya ku renki kwa wapolisi, mlonda wa yunifolomu, wogulitsa matikiti mu ofesi kapena mayi wogulitsa malonda amene wakhala pamalo pake. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

*2. Nambala ya galimoto.* Onani kutsogolo ndi kumbuyo. Nambala ikhalepo mbali zonse ziwiri, ifanane, ndipo iwoneke bwino. Galimoto yopanda nambala, kapena yomwe nambala yake yapakidwa matope, yapindidwa kapena yangomangidwa ndi waya, musakwere. M'maiko ena mtundu wa nambala ndiwo umasonyeza kuti galimoto idaloledwa kunyamula anthu, monga tifotokozere m'munsimu.

*3. Timapepala ta pagalasi.* Pa galasi lakutsogolo pamamatidwa timapepala tosonyeza kuti galimoto idayezedwa ndiponso kuti ili ndi inshuwaransi. Timapepalati timakhala ndi tsiku lothera ntchito. Onani ngati tsikulo silidadutse, ndipo ngati palembedwa nambala ya galimoto, onani ngati ikufanana ndi yomwe ili pa bampala.

*4. Dalaivala.* Muyankhuleni musadalowe. Ngati akumveka fungo la mowa kapena chamba, maso ali psuu, kapena akusinza, musiyeni. Dalaivala woona sakwiya mukamufunsa dzina lake, renki yake kapena chiphaso chake. Wokwiya ndi funso lotere wakuyankhani kale.

*5. M'kati mwa galimoto.* Onani ngati muli malamba a pampando. Mukalowa, yesani kutsegula chitseko muli m'katimo galimoto isadanyamuke. Zitseko zakumbuyo zili ndi kabatani kotchingira ana komwe kakakanikizidwa chitseko sichitseguka ndi wa m'kati. Anthu a zolinga zoipa amagwiritsa ntchito kabatani kameneka. Ngati chitseko chikukana, kapena chogwirira chake chidachotsedwa, tsikani pomwepo.

Zonsezi sizitenga mphindi zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukapita ku Malawi

Ku Malawi chizindikiro chachikulu ndi mtundu wa nambala. Galimoto zololedwa kunyamula anthu molipiritsa, monga mabasi, maminibasi ndi matakisi, zimakhala ndi nambala ya zilembo zofiira pa mbale yoyera. Galimoto za anthu wamba zimakhala ndi zilembo zakuda, kawirikawiri pa mbale yachikasu. Chizindikiro chimenechi ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga angathe kuchiona ali patali.

Pagalasi payenera kukhala kapepala ka COF, kosonyeza kuti galimoto idayezedwa ndipo ili bwino, ndi kapepala ka inshuwaransi. Nthambi ya boma yopereka ziphasozi ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, yomwe anthu amangoti a Road Traffic. Dalaivala wonyamula anthu ayenera kukhalanso ndi chilolezo chapadera chotchedwa PrDP.

Dziwani kuti m'misewu ya ku Malawi muli timagalimoto tambiri ta nambala yakuda tomwe timanyamula anthu. Tina timatenga anthu opitirira muyezo, awiri pa mpando wakutsogolo, ena m'malo oika katundu. Kuchuluka kwake sikusonyeza kuti n'tovomerezeka. Matakisi a ku Malawi sayendera mita, choncho mtengo muyenera kugwirizana musadakwere. Ngati mwatsikira pa depoti yaikulu ya Lilongwe ndipo mukupita ku chipatala cha Kamuzu Central, kapena mwatsikira pa Wenela ku Blantyre ndipo mukupita ku Queen Elizabeth pafupi ndi Ginnery Corner, dziwani kuti zipatala ziwirizi zili m'tauni momwemo ndipo kumapita maminibasi. Wina akakuuzani kuti ndi ulendo wa maola, akufuna kukudyerani.

Mukapita ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo

Ngakhale ndi m'dziko lathu lomwe, kwa munthu wa kumudzi mizinda imeneyi ndi yachilendo. Ku Tete mumva Chinyungwe, ku Beira Chisena ndi Chindau, ku Maputo Chironga ndi Chichangana. Chilolezo cha takisi ya mumzinda chimaperekedwa ndi khonsolo ya mzindawo, pomwe ziphaso za madalaivala ndi kaundula wa galimoto zili m'manja mwa bungwe la INATRO. Dalaivala wonyamula anthu ayenera kukhala ndi *carta* ya *serviços públicos*. Lamulo nambala 2 la chaka cha 2003 lidakhazikitsa kuti galimoto iliyonse ikhale ndi *seguro*, ndipo galimoto ziyeneranso kupita ku *inspecção*. Yang'anani timapepala ta zinthu ziwirizi pagalasi.

Ku Maputo matakisi ovomerezeka amadziwika ndi utoto wachikasu ndi wobiriwira, ndiponso chikwangwani cha TÁXI padenga. Ku Tete anthu ambiri amayenda pa chapa, txopela ndi njinga zamoto. Mukafika pa msika wa Kwachena kapena kutsidya la mlatho ku Matundo ndipo mukufuna galimoto yopita ku Hospital Provincial, funsani kuti: *Onde fica a praça de táxi?* Nambala zatsopano za galimoto za ku Mozambique zimathera ndi zilembo ziwiri za chigawo: TT ndi Tete, SF ndi Sofala, MC ndi mzinda wa Maputo. Polemba nambala musaiwale zilembo zimenezi.

Mukadutsa pa Harare

Ku Zimbabwe chizindikiro chake chikufanana ndi cha ku Malawi. Galimoto zonyamula anthu molipiritsa zimakhala ndi zilembo zofiira pa mbale yoyera, ndipo za anthu wamba zimakhala ndi zilembo zakuda pa mbale yachikasu. Timagalimoto tonyamula anthu mozemba amatitcha *mushikashika*. Timaima paliponse, timadzaza mopitirira, ndipo tikaona apolisi timathawa ndi liwiro lalikulu anthu ali m'katimo. Ngati basi yanu yaima pa Roadport kapena ku Mbare ndipo muyenera kusintha galimoto, funsani mu ofesi ya basi yomwe mwabwera nayo. Funsaninso kuti mtengo womwe akutchulawo ndi wa ndalama iti, chifukwa kumeneko kumayenda madola a ku America pamodzi ndi ndalama ya dzikolo ya ZiG yomwe idayamba mu 2024.

Mukafika ku Johannesburg

Mabasi ambiri ochokera kuno amakathera ku Park Station kapena m'malo oyandikana nawo. Pamenepa ndi pamene alendo ambiri amapusitsidwa, chifukwa amafika atatopa ndi ulendo wa masiku awiri, ali ndi katundu, ndipo nkhope zawo zimaonetsa kuti ndi achilendo.

Ku South Africa mtundu wa nambala sukuuzani zambiri. Takisi ndi galimoto ya munthu wamba za ku Gauteng zonse zimathera ndi zilembo za GP. Lamulo la National Land Transport Act la 2009 limanena kuti aliyense wonyamula anthu molipiritsa akhale ndi chilolezo cha ntchitoyo, ndipo dalaivala akhale ndi PrDP. Pagalasi pamakhala timapepala tozungulira tosonyeza nambala ya galimoto ndi tsiku lothera ntchito. Takisi ya mita kawirikawiri imakhala ndi chikwangwani padenga, dzina la kampani pachitseko ndi mita yooneka bwino kutsogolo. Uzani dalaivala ayatse mita, ndipo akanena kuti idafa, gwirizanani mtengo musadanyamuke kapena funani ina. Maminibasi amakhala ndi chomata cha dzina la bungwe la eni matakisi, ndipo pa renki pamakhala oyang'anira mizere amene angakuuzeni galimoto yopita komwe mukufuna.

Nzeru yoposa zonse ndi yakuti m'bale amene mukupita kwa iye adzakuchingamireni yekha. Muuzeni dzina la basi ndi nthawi yofika. Dikirani m'kati mwa siteshoni pamalo owala pomwe pali alonda. Munthu akabwera n'kunena m'Chichewa chabwino kuti watumidwa ndi m'bale wanu, imbirani m'baleyo kaye. Kuyankhula chiyankhulo chathu si chiphaso.

Matakisi oitanitsa pa foni

M'mizinda ikuluikulu masiku ano muli matakisi omwe amaitanidwa pa foni ya intaneti, monga Uber yomwe idayamba ku Johannesburg mu 2013, ndi Bolt. Ubwino wake ndi wakuti foni imakuonetsani dzina la dalaivala, chithunzi chake, mtundu wa galimoto, nambala yake ndi mtengo musadakwere. Koma chitetezo chimenechi chimagwira ntchito pokhapokha mutafananitsa. Galimoto ikafika, onani nambala ndi nkhope. Zikasiyana ndi za pafoni musalowe, ngakhale dalaivala anene kuti galimoto yake ili ku garaja ndiye wabwereka ina. Musatchule dzina lanu poyamba. Mufunseni iye kuti wabwera kudzatenga yani. Akakupemphani kuti mufafanize ulendo pafoni kuti mumulipire pambali motchipa, kanani, chifukwa mukatero palibenso umboni woti mudakwera galimotoyo.

Dziwaninso kuti ku South Africa kwakhala mikangano pakati pa madalaivala a pafoniwa ndi eni matakisi ena. Mu 2017 galimoto zidatenthedwa ku Sandton pa mkangano womwewu. Choncho musaitanitse galimoto ya pafoni mutaima pakati pa renki ya matakisi ena.

Nanga kabaza ndi txopela?

Njinga yamoto ndi yotchipa ndipo imafika paliponse, koma ikagwa palibe chokutchingirani. Madokotala a ku Malawi akhala akudandaula za kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu pa ngozi za kabaza. Sankhani njinga yokhala ndi nambala, yochokera pa siteji yodziwika, ndipo mwini wake akhale ndi chipewa chodzitetezera cha iye ndi cha inu. Bungwe la WHO likuti chipewa chabwino chovalidwa ndi kumangidwa moyenera chimachepetsa chiopsezo cha imfa kopitirira kasanu ndi kamodzi, ndipo chimachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 pa 100 aliwonse. Musakwere atatu kapena anayi pa njinga imodzi. Mayi woyembekezera, munthu amene wangochitidwa opaleshoni, wodwala khunyu kapena wa chizungulire asakwere njinga yamoto m'tauni ngati pali njira ina. Amayi, pindani chitenje bwino kuti chisakodwe mu sipoko kapena mu tcheni.

Za mtengo

Funsani mtengo kwa anthu awiri kapena atatu musadafike pa galimoto. Pogwirizana ndi dalaivala, tchulani bwino zinthu zitatu: ndalama zingati, za dziko liti, ndiponso ngati mtengowo ndi wa galimoto yonse kapena wa munthu mmodzi, kuphatikizapo katundu. Ife a m'malire tidazolowera kusakaniza kwacha ndi metikali, koma m'tauni kusamvana kotere kumabala ndewu. Konzeranitu ndalama zing'onozing'ono m'thumba lapadera kuti musatulutse mpukutu wonse pagulu. Pa takisi yohaya lipirani mutafika ndipo katundu wanu atatsitsidwa. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani. Chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Musakwere ngati muona izi

- Galimoto ilibe nambala kapena magalasi ake ndi akuda bii moti m'kati simukuoneka.
- Mwahaya nokha koma m'katimo muli kale anthu ena omwe dalaivala akuti ndi anzake.
- Matayala ndi osalala ngati lumo kapena akuonetsa mawaya.
- M'galimoto muli zigubu za petulo pamodzi ndi anthu.
- Dalaivala akufuna kusunga pasipoti kapena chitupa chanu.
- Dalaivala akukana kuti mulembe nambala ya galimoto yake.
- Akukuuzani kuti malo omwe mukupita adatsekedwa ndipo akufuna akuperekezeni kwina komwe iye akudziwa.

Mukakwera

Lembani nambala ya galimoto, kapena ijambuleni ndi foni, n'kuitumiza kwa m'bale. Chitani izi poyera dalaivala akuona ndi kumva. Ngati simudziwa kulemba, pemphani mwana kapena mnzanu wa paulendo. Mukakhala nokha, khalani kumbuyo. Mangani lamba, chifukwa a WHO akuti lamba amachepetsa chiopsezo cha imfa mpaka ndi theka. Mwana asakhale pampando wakutsogolo, ndipo musamange lamba mmodzi inu ndi mwana pamodzi. Dalaivala akathamangitsa kwambiri kapena akamayankhula pa foni akuyendetsa, muuzeni. Moyo ndi wanu, ndalama ndi zanunso.

Pasipoti, buku la kuchipatala, kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu, ndalama ndi mankhwala zikhale m'kachikwama ka pathupi panu, osati m'buti. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, kumbukirani kuti chikwama chikapita ndi galimoto yosadziwika, kupeza mankhwala ena m'dziko la eni kungatenge masiku. M'galimoto yodzaza tsegulani zenera kuti mpweya uziyenda, chifukwa TB ndi chimfine zimafala msanga pamalo otsekeka. Musalandire chakumwa chotsegula kale, switi kapena chakudya kwa dalaivala kapena kwa munthu wosamudziwa. Pali akuba amene amathira mankhwala ogonetsa.

Konzani ulendo kuti mukafike kukuwala. Basi ikafika pakati pa usiku, ndi bwino kudikira m'kati mwa depoti pamodzi ndi anzanu mpaka kucha kusiyana ndi kukwera galimoto yosadziwika mumdima.

Chenjerani ndi olonjeza kukuolotsani malire

Pali anthu ena amene amadzitcha a thiransipoti, amene amalonjeza kukufikitsani ku Joni popanda pasipoti, ena mpaka kukulonjezani ntchito. Galimoto zotere zimayenda mobisala, ndipo wokwera sawerengedwa ngati munthu koma ngati katundu. M'mwezi wa Marichi 2020, pa sikelo ya galimoto ya pa Mussacama m'boma la Moatize, pa mphambano yomwe ambiri a inu mumadutsa popita ku Tete, mudapezeka mitembo 64 ya anthu ochokera ku Ethiopia m'kontena ya lole yochokera ku Malawi. Adafa chifukwa chosowa mpweya, ndipo anthu 14 okha ndiwo adapezeka amoyo. Kuzembetsa ndi kugulitsa anthu ndi mlandu waukulu. Mozambique idakhazikitsa lamulo lothana ndi mchitidwewu mu 2008, ndipo Malawi mu 2015. Makolo, mwana wanu akafuna kupita kunja, ayende ndi pasipoti yake m'manja mwake, pa basi yodziwika, yodutsa pachipata.

Zikavuta muchite chiyani?

Mukachita ngozi, pitani kuchipatala ngakhale mukuona ngati simudavulale. Magazi angathe kumatayikira m'kati mwa mutu kapena m'mimba osaonekera kunja. Kusanza, kusinza kosalekeza, mutu wopweteka mowonjezereka, kusokonezeka maganizo, magazi kapena madzi otuluka m'khutu, ndi mimba yopweteka kapena yolimba ndi zizindikiro zoopsa. Munthu amene akudandaula khosi kapena msana musamunyamule mwachisawawa pokhapokha ngati pali moto. Pa bala lotuluka magazi kanikizani ndi nsalu yoyera. Mayi woyembekezera akapimidwe tsiku lomwelo. Funsaninso za katemera wa kafumbata. Kenaka kanenani kupolisi ndi kutenga lipoti, chifukwa popanda lipoti a inshuwaransi sathandiza.

Ngati mwagwiriridwa, kaya ndinu mayi, mtsikana, mnyamata kapena bambo, dziwani kuti wolakwa si inu. Thamangirani kuchipatala pasadathe maola 72. Kumeneko kuli mankhwala a PEP oteteza kuti musatenge kachilombo ka HIV, omwe amamwedwa kwa masiku 28. Kulinso mankhwala oletsa mimba mwadzidzidzi omwe amagwira ntchito mpaka masiku 5, ngakhale amathandiza kwambiri mukawamwa msanga, ndi mankhwala a matenda opatsirana pogonana. Ngati n'kotheka musasambe kapena kuchapa zovala musadaonedwe, koma ngakhale mwasamba kale pitanibe. Ku Malawi funsani Victim Support Unit ku polisi kapena One Stop Centre pa chipatala chachikulu. Ku Mozambique funsani *Gabinete de Atendimento* wa mabanja ndi ana ku polisi. Ku South Africa funsani Thuthuzela Care Centre.

Sungani manambala awa: ku South Africa apolisi ndi 10111, ndipo pa foni ya m'manja mungaimbenso 112. Ku Malawi apolisi ndi 997. Nkhani ikakhudza mwana, nambala ya 116 ndi yaulere ku Mozambique ndi ku Malawi komwe.

Kumbukirani

- Pitani nokha ku renki, musatengedwe ndi wokuitanirani.
- Ku Malawi ndi ku Zimbabwe yang'anani nambala ya zilembo zofiira.
- Onani timapepala ta pagalasi ndi masiku ake.
- Yesani chitseko, mangani lamba, valani chipewa pa njinga.
- Gwirizanani mtengo musadakwere.
- Tumizani nambala ya galimoto kwa m'bale.
- Mankhwala ndi ziphaso zikhale pathupi panu.

Mukamaliza kuwerenga kalatayi musaikulungire usipa. Awerengereni anzanu ku kalabu ya omvera wailesi, ku sikelo ya ana, ku tchalitchi ndi ku mzikiti, makamaka mnyamata kapena mtsikana amene akukonzeka kuyenda ulendo wake woyamba. Nonse a paulendo, muyende bwino ndipo mudzatipeze.